Chionetsero cha ziboliboli za m'mabwalo: momwe ntchito ikuyendera

Kumayambiriro kwa Malichi

Tagwirizana mutu. Tikonza zikwangwani zazikulu za zithunzi ndi mawu ochepa, zoti zitha kupachikidwa m'holo, m'laibulale kapena m'kalasi, ndipo zonse zizungulire funso limodzi: chiboliboli kapena chipilala chikaima pabwalo la mzinda, wachisankha ndani, nanga anthu odutsa pamenepo tsiku ndi tsiku ali ndi mawu anji pa icho? Tili anthu ochepa. Wina akusaka zithunzi ndi chilolezo chozigwiritsira ntchito, wina akukonza kaonekedwe ka zikwangwani, ine ndikulemba mawu. Mayi wina wachikulire, amene anaphunzitsa zaka zambiri asanapume, avomera kumawerenga chilichonse tisanachitumize kwa osindikiza.

Chimene chatikokera ku nkhaniyi n'chakuti luso la pabwalo ndi losiyana ndi la m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kumeneko munthu amapita mwakufuna kwake. Chiboliboli cha pamphambano umakumana nacho usanafune, popita kuntchito, pothamangira basi, popita kukhothi. Chimauza aliyense, ndi mwana yemwe, kuti munthu uyu ndiye woyenera ulemu kuno. Pamenepo nkhani yadutsa kale pa luso lokha, yafika pa ulamuliro ndi pa ndalama za anthu.

Tagwirizananso kuti chikwangwani chilichonse chikhale ndi chithunzi chimodzi chachikulu, chaka, malo, ndi mawu oti munthu awerenge ali chiimirire osatopa. Zotsala zipita m'kabuku kamene tidzagawe pakhomo. Malire amenewa akundivuta, chifukwa nkhani zonsezi zili ndi mizu yaitali.

Pakati pa Malichi

Ndayamba ndi ziboliboli zimene zinachotsedwa, popeza ndizo anthu ambiri anazimvapo pawailesi. Cha mtsamunda Cecil Rhodes, chokhala pampando dzanja lili pachibwano, chinaikidwa pa yunivesite ya Cape Town mu 1934. Pa 9 Malichi 2015 wophunzira Chumani Maxwele anachithira zonyansa za m'chimbudzi, ophunzira anzake anamugwirizira, ndipo pa 9 Epulo chaka chomwecho akuluakulu a yunivesite anachichotsa. Cha Mahatma Gandhi pa yunivesite ya Ghana sichinakhalitse n'komwe. Chinaperekedwa mu 2016 ndi mtsogoleri wa dziko la India, Pranab Mukherjee, aphunzitsi ena anadandaula chifukwa cha mawu onyoza anthu akuda amene Gandhi analemba ali ku South Africa, ndipo pofika Disembala 2018 chinali chitachoka. Ziwirizi zalembeka mosavuta.

Chimene ndachedwa nacho ndi cha Edward Colston mumzinda wa Bristol ku Britain. Colston anali mmodzi mwa akuluakulu a kampani ya Royal African Company, ndipo pa zaka zimene iye anali mmenemo, zombo za kampaniyo zinanyamula anthu a ku Africa pafupifupi 84,000 kukawagulitsa ukapolo. Zikwizikwi anafera panyanja. Chuma chake china anachipereka kusukulu, kumatchalitchi ndi kunyumba zosungira osauka, motero dzina lake linadzaza mzindawo. Koma taonani zaka izi. Munthuyu anamwalira mu 1721, chiboliboli chake chinaimikidwa mu 1895. Pakati pali zaka 174, ndipo dziko la Britain linali litathetsa kale ukapolo zaka zoposa 60 m'mbuyomo. Amene anachiimika sanamuonepo ndi maso. Anali amalonda ndi atsogoleri a m'nthawi yawo, ofuna kuti mzinda wawo udziwike ndi kuwolowa manja, ndipo pachikwangwani chamkuwa anamutamanda kuti anali mwana wabwino ndi wanzeru wa mzindawo, osatchulapo kapolo ndi mmodzi yemwe. Zaka ziwirizi ndaziika m'zilembo zazikulu pamwamba penipeni, kuti wowerenga adzionere yekha kuti chiboliboli chimatiuza zambiri za amene anachiimika kuposa za amene anasemedwa.

Ambiri akudziwa za 7 Juni 2020, pamene anthu okwiya ndi kuphedwa kwa George Floyd ku America anachimanga zingwe, nachigwetsa, n'kuchigubuduza mpaka kuchiponya m'madzi a padoko. Zimene sizikambidwa kawirikawiri ndi za zaka za m'mbuyo mwake. Anthu anapempha mwaulemu kwa nthawi yaitali. Mu 2018 khonsolo inavomera kuti paikidwe chikwangwani chachiwiri chonena za malonda a akapolo, koma anakanganirana mawu, ena akufuna kuwafewetsa, ndipo mpaka tsiku limene chiboliboli chinagwa chikwangwanicho chinali chisanakhomedwe. Mlandu suola. Chingwe chinafika pamene chikwangwani chinakanika.

Khonsolo inachivuula patapita masiku ochepa, ndipo chinaonetsedwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya M Shed chili chigonere, utoto wofiira ndi wabuluu wa tsiku lija osaupukuta. Mu Januwale 2022 khothi linamasula anthu anayi amene anaimbidwa mlandu wochiononga. Pa zithunzi ziwiri zimene tinali nazo, tasankha chogonacho. Cha pamene chikugwera m'madzi n'chokopa maso kwambiri, koma chogona chikuonetsa mzinda umene wasunga zonse pamodzi, matamando a 1895 ndi mkwiyo wa 2020.

Epulo

Mayi athu aphunzitsi awerenga zikwangwani zoyambazo, ndipo tinaziyesanso kwa achinyamata a kagulu kena kowerenga mabuku. Anagawikana msanga. Awa akuti gwetsani, awo akuti kugwetsa n'kufufuta mbiri, ndipo posakhalitsa aliyense ankangobwereza zomwe wanena kale. Mayiwo anandiitanira pambali n'kundiuza kuti chionetsero chikathera pamenepa, anthu adzatuluka ndi maganizo omwe analowa nawo. Ndiye tawonjezera magawo ena.

Gawo lachiwiri ndi la kumene ziboliboli zimapita zikachoka. Ku Budapest, m'dziko la Hungary, ulamuliro wa chikomyunizimu utatha, sanaphwanye ziboliboli za Lenin, Marx ndi asilikali a Soviet. Anasonkhanitsa 42 n'kuziika kumphepete kwa mzinda pamalo otchedwa Memento Park, amene anatsegulidwa mu 1993. Ku Windhoek, chiboliboli cha msilikali wa ku Germany wokwera hatchi, cha mu 1912, chinachotsedwa mu Disembala 2013 n'kuikidwa m'kati mwa linga lakale la Alte Feste. Ku Kinshasa mu 2005 anabwezeretsa pabwalo cha Mfumu Leopold II ya ku Belgium, imene inalamulira Congo mwankhanza, koma patangopita maola ochepa anachitsitsanso. Gawoli likhala lalifupi, zithunzi zikukwanira.

Nkhani imene yatigawa ifeyo ndi ya ku New York. Mu 1981 boma la America linaika pabwalo la Federal Plaza khoma lachitsulo lopindika, lotalika mamita pafupifupi 37, msinkhu wake kuposa mamita 3 ndi theka, ntchito ya wosema Richard Serra yotchedwa Tilted Arc. Apa panalibe wogulitsa akapolo kapena mtsamunda. Linali luso basi, logulidwa ndi ndalama za boma. Koma linadula bwalo pakati, ndipo anthu ogwira ntchito m'maofesi a pamenepo ankayenera kulizungulira polowa ndi potuluka. Anasaina zikalata zodandaula. Mu 1985 kunachitika msonkhano womva maganizo a anthu. Ambiri mwa amene analankhula anafuna kuti likhale, komabe komiti inagamula kuti lichoke. Serra ananena kuti analipangira malo amenewo okha, kotero kulisuntha n'chimodzimodzi kuliphwanya. Anapita kukhothi koma sanapambane, ndipo mu 1989 linadulidwa usiku n'kunyamulidwa.

Mnzathu wokonza kaonekedwe ka zikwangwani, amene iyenso ndi wojambula, ali kumbali ya Serra ndi mtima wonse. Akuti luso likamadikira kuti aliyense alivomereze, m'mabwalo mudzakhala maluwa ndi nkhunda zokhazokha. Ndikumumvetsa, ndipo mantha akewo ndi oona. Koma ine mtima wanga uli kwa mlembi wa mu ofesi uja amene bwalo limenelo linali popumira pake masana. Sanafunsidwe chitsulo chisanafike. Anafunsidwa patatha zaka zinayi, mitima itawawa kale mbali zonse, ndipo pamenepo panalibenso njira yoti aliyense atuluke wosavulala. Tilemba mbali zonse ziwiri. Pafupi nacho tiika chipilala cha African Renaissance cha ku Dakar, chamkuwa, chotalika mamita pafupifupi 50, chimene Pulezidenti Abdoulaye Wade anatsegula mu 2010. Chinamangidwa ndi kampani ya ku North Korea pa madola pafupifupi 27 miliyoni, pa nthawi imene anthu mumzindamo ankavutika ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo atsogoleri ena a Chisilamu anachitsutsa poyera. Uthenga wake ndi wonyadira Africa, ndipo ine sindikutsutsana nawo. Koma anafunsidwa ndani?

Meyi

Mwezi uno ndi umene ntchito yandikomera kwambiri. Gawo lachitatu ndi la zipilala zimene zinasiyira anthu wamba poti aikepo dzanja.

Ku Harburg, dera la mzinda wa Hamburg, Jochen Gerz ndi Esther Shalev-Gerz anaimika mu 1986 chipilala chotalika mamita 12 chotsutsa ulamuliro wankhanza wa chifasizimu. Anachikuta ndi mtovu wofewa, n'kuika zolembera zachitsulo pambali, ndipo anapempha odutsa kuti alembepo maina awo posonyeza kuti adzakhala tcheru. Pofikira dzanja pakadzaza, chipilala ankachitsitsira m'nthaka kuti pamwamba posalembedwa pafike pafupi. Anapitiriza chomwecho mpaka mu 1993 pamene chinalowa chonse pansi. Anachiika pamalo a piringupiringu, pafupi ndi masitolo, pomwe anthu amadutsa atanyamula katundu wawo. Ndipo anthu sanangolemba maina mwaulemu ayi. Ena anakanda mwaukali, ena anafufuta maina a anzawo, ena analemba zotukwana, ngakhale zizindikiro za chipani cha Nazi chimene. Osemawo sanapukute kanthu, zonsezo zinatsika nacho. Ndakhala nthawi yaitali ndikuyang'ana zithunzi za mtovu wokandikakandikawo, mizere yolowana mpaka dzina kusawerengeka, ndipo sindikudziwa chiboliboli cha munthu wokwera hatchi chimene chinganene zoona za mzinda ngati mmene chinanenera chimenechi. Chinalola mzinda kudzilemba wokha, zabwino ndi zoipa zomwe.

Ku Washington kuli khoma lokumbukira asilikali a America amene anafa pa nkhondo ya ku Vietnam. Maya Lin anali wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Yale pamene pulani yake inapambana mu 1981 pakati pa mapulani 1,421. Ndi khoma la mwala wakuda wosalala, lolowa m'nthaka, lolembedwa maina oposa 58,000 motsatira nthawi imene munthu anagwa pankhondo. Maudindo sanalembedwe, mkulu wa asilikali ndi msilikali wamba ali ndi zilembo zofanana. Ena anakwiya kuti palibe ulemerero pamenepo, ndipo pofuna kuziziritsa mitima, mu 1984 anawonjezera chapafupi chiboliboli cha asilikali atatu. Koma achibale amalunjika kukhoma. Amaika pepala padzina n'kupakapo pensulo mpaka dzinalo lituluke, n'kupita nalo kwawo. Chithunzi chathu ndi cha dzanja likuchita zimenezo. Ndaumiriranso kuti tilembe mzere umodzi wonena kuti anthu a ku Vietnam amene anafa pa nkhondoyo, oposa miliyoni, mulibe pakhomalo. Ngakhale chipilala chabwino chimasankha omwe chiwerenge.

Chimene chatitengera nthawi yambiri ndi timiyala ta Stolpersteine. Wosema Gunter Demnig anayamba ntchitoyi ku Germany mu 1992. Kamwala kalikonse ndi ka konkire, masentimita 10 mbali iliyonse, pamwamba pali mkuwa, ndipo kamaikidwa m'njira ya oyenda pansi patsogolo pa nyumba imene munthu wozunzidwa ndi a Nazi anakhalamo komaliza mwakufuna kwake. Pamalembedwa kuti munthuyo ankakhala pano, kenako dzina, chaka chobadwa, chaka chimene anagwidwa ndi kumene anafera. Pofika 2023 timiyalati tinakwana 100,000 m'maiko ambiri a ku Ulaya. Nthawi zambiri ndi anansi, ana asukulu kapena achibale amene amafufuza mbiri ya munthuyo, kusonkha ndalama, ndi kumabwera kudzapukuta mkuwawo ukada.

Chithunzi chokha sichikanasonyeza kuchepa kwake, ndiye mnzathu anadula katoni ya muyezo womwewo, n'kumatapo pepala lonyezimira, n'kulemba pamene pamakhala dzina ndi pamene pamakhala zaka, osaikapo dzina la munthu weniweni. Tinaimata pansi pakhomo la chipinda chimene timakumanamo, osauza aliyense. Mnyamata wina wa kagulu kowerenga kaja anatsala pang'ono kupondapo. Anabweza phazi lili m'mwamba, n'kuwerama manja ali pamaondo, kenako n'kugwada kumene, chifukwa zilembo zinali zazing'ono. Anzake obwera pambuyo anachita chimodzimodzi, ndipo pakhomo panadzaza anthu owerama. Chiboliboli chachikulu chimakukweza maso kuti uchiope. Kamwala aka kamakuweramitsa popanda wokulamula.

Mayi athu aphunzitsi sanakondwere nazo. Anati dzina la womwalira siliikidwa pansi poponda nsapato, pamatope, podutsa agalu. Sali okha pa maganizo amenewa. Khonsolo ya mzinda wa Munich inakana timiyalati m'misewu ya boma mu 2004, n'kukananso mu 2015, ndipo mmodzi mwa otsutsa kwambiri anali Charlotte Knobloch, mtsogoleri wa Ayuda mumzindawo, amene anapulumuka nthawi ya Nazi ali mwana. Iye ankaona kuti maina a ophedwa akupondedwanso. Achibale ena a ophedwa ankafuna timiyalato, ndipo analimbana ndi chigamulocho. Kuyambira 2018 mzinda wa Munich umaika maina pamakoma ndi patimizati, molingana ndi maso a munthu woimirira. Ine ndikupendekerabe ku kamwala ka pansi, chifukwa cha zimene ndinaona pakhomo paja. Koma mkangano umenewu uli pakati pa anthu olira maliro amodzi, ndipo si ife oti tiugamule. Tiika zitsanzo ziwiri, china pansi, china pakhoma, mayiwo avomera kulemba okha mawu a chapakhomacho.

Juni

Mwezi wa makalata. Chithunzi cha chiboliboli chili ndi eni awiri, wojambula chithunzi ndi wosema, ndipo malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Germany ndi ku Britain lamulo limalola kujambula ndi kufalitsa zithunzi za ntchito zaluso zokhazikika pamalo a anthu onse, pamene ku France ufulu umenewo ndi wochepa. Ntchito zongoikidwa kwa kanthawi zili ndi vuto lakelake, ndiye pa zimenezo tikulembera eni ake mwachindunji. Zithunzi zambiri tazipeza pa tsamba la pa intaneti la Wikimedia Commons, zololedwa ndi ziphaso za Creative Commons, zimene zimafuna kuti dzina la wojambula ndi mtundu wa chiphaso zilembedwe. Mnzathu wosaka zithunzi wakonza ndandanda yake ndipo akuumirira kuti maina amenewa alembedwe m'zilembo zowerengeka, osati zobisika pakona. Ndagwirizana naye, sitingakambe za ulemu wa pabwalo kwinaku tikubisa amene anatijambulira. Kampani ina yogulitsa zithunzi yatchula mtengo umene sitingaukwanitse pa chithunzi cha msonkhano wa 1985 wa ku New York, ndiye mnzathu wojambula ajambula yekha mapu a bwalolo osonyeza njira imene munthu ankayenda khoma lisanabwere ndi litabwera. Mapuwo akufotokoza bwino kuposa chithunzi chimene tinkachifunacho.

Ndalembanso chikwangwani chachifupi cha ndalama, chifukwa achinyamata aja anafunsa kuti zonsezi amalipira ndani. Ku France kuyambira 1951 lamulo linayamba kupatula 1 peresenti ya ndalama zomangira nyumba za maphunziro kuti igulire ntchito zaluso, ndipo pambuyo pake linafikira nyumba zina za boma. Mzinda wa Philadelphia unakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 1959. Mzinda womwewo mu 1984 unayamba ntchito yolimbana ndi kulembalemba pamakoma, koma mmalo mongothamangitsa achinyamata olembawo, wojambula Jane Golden anayamba kugwira nawo ntchito, ndipo lero mumzindamo muli zojambula za pamakoma zikwi zingapo. Chimene chandigwira mtima pamenepo ndi kachitidwe kake: asanapake utoto amakhala pansi ndi anthu a m'dera kukambirana zimene khomalo linene. Zimachedwetsa ntchito, koma ndi kuchedwa kumene kunasowa pa Federal Plaza.

Julayi

Gawo lomaliza ndi la nsanja yopanda mwini. Pabwalo la Trafalgar Square ku London pali nsanja zinayi zamwala. Pa zitatu pali Mfumu George IV ndi akazembe ankhondo awiri, Charles James Napier ndi Henry Havelock, amene anatchuka pa nkhondo za atsamunda ku India. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti paikidwe chiboliboli cha Mfumu William IV, koma ndalama zinaperewera, ndipo inakhala yopanda kanthu zaka zoposa 150. Kuyambira 1999 anayamba kuikapo ntchito zaluso mosinthanasinthana, iliyonse kwa kanthawi, ndipo masiku ano zitsanzo za zimene zikupikisana zimaonetsedwa kaye kuti anthu anenepo maganizo awo. Mu 2009 wosema Antony Gormley sanasemepo kanthu. Anapereka nsanjayo kwa anthu wamba 2,400, aliyense ola limodzi, usana ndi usiku, kwa masiku 100. Ena anavina, ena anapempha thandizo la odwala, ena anangoima chete.

Mu Seputembala 2022 panaikidwa ntchito ya Mmalawi Samson Kambalu yotchedwa Antelope, ndipo inakhalapo mpaka 2024. Inachokera pa chithunzi cha mu 1914 cha Mbusa John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley, ataima patsogolo pa tchalitchi chatsopano cha Chilembwe. Pachithunzicho Chilembwe wavala chipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu anamusema wamkulu kwambiri, Chorley n'kumusiya pa msinkhu wa munthu wamba. Chaka chotsatira chithunzicho, mu 1915, Chilembwe anatsogolera kuukira atsamunda, anaphedwa, ndipo tchalitchicho chinagwetsedwa. Ndalemba ndi kufufuta mawu a chikwangwani chimenechi mpaka ndatsala ndi ochepa kwambiri: chaka cha chithunzi, lamulo la chipewa, ndi maina a akazembe amene anaima naye pabwalo limodzi. Mnzathu wakuza chithunzi kuti mlomo wa chipewa uonekere bwino pamwamba pa nyumba za London. Mmodzi mwa achinyamata anafunsa chifukwa chake munthu wotere anamuika kwa zaka ziwiri zokha pamene akazembe aja akhalapo kuyambira kalekale. Funsolo ndi loyenera, ndipo taliika pachikwangwani momwe analifunsira. Yankho langa, limene ndinamuuza pakamwa, ndi lakuti nsanja yosinthasintha imakakamiza mzinda kufunsanso funso lake kawirikawiri, pamene yokhazikika imayankha kamodzi n'kutseka pakamwa zidzukulu. Sanakhutire kwenikweni, ndipo ali ndi ufulu wosakhutira.

Kuchokera pamenepo tagwirizana kuti chikwangwani chomaliza chikhale ndi chojambula cha nsanja yopanda kanthu, ndi malo aakulu oyera oti wobwera kudzaona alembepo amene angamuike pamenepo, kapena chimene angaikepo, ndi chifukwa chake. Takambirana kwa nthawi yaitali za anthu olemba zotukwana. Mnzathu wojambula akufuna kuti titsate za ku Harburg, tisapukute kanthu. Mayi athu aphunzitsi akumbutsa kuti m'holo mudzalowa ana, komanso kuti munthu akhoza kulembapo dzina la mnansi wake pomunyoza. Tagwirizana kuti zotsutsa atsogoleri ndi anthu otchuka zikhale, ngakhale zowawa, koma zonyoza munthu wamba pomutchula dzina ndi zotukwana tizichotsa, ndipo lamulo limeneli lilembedwe pachikwangwani pomwepo kuti aliyense alidziwe asanagwire cholembera. Kuti zimenezi zitheke, anthu azilemba pamakadi ang'onoang'ono opachika ndi timapini, m'malo molemba pachikwangwani chenichenicho. Makadiwo tizisunga malo alionse amene chionetsero chafikako, n'kumapachikako ena pamalo otsatira, kuti anthu aone zimene anzawo akwina analemba.

Osindikiza atipatsa chitsanzo cha chikwangwani cha Colston. Zaka ziwiri za pamwamba zikuoneka bwino ngakhale uli kumapeto kwa chipinda, koma mawu a pansi ndi aang'ono kwa munthu wa maso ofooka, ndiye tikuza zilembo ndipo ine ndidula ndime imodzi pa chikwangwani chilichonse. Chilolezo cha zithunzi za ntchito ziwiri za pa nsanja yachinayi sichinabwerebe. Kabuku ka pakhomo kakudikira mawu a mayi athu a za Munich, ndipo tikufunabe munthu woti azikhala pafupi ndi makadi nthawi imene holo ili yotsegula.